Bond ya ku Joni kapena kumanga kumudzi: ndalama yanu ikukhala pati?

Tonse timadziwa kuti lendi ya kachipinda ku Rosettenville kapena ku Turffontein sibwerera. Funso limene timakangana nalo tikatuluka m'tchalitchi Lamulungu ndi lina: kodi ndigule flat konkuno pa bond, imene ndi ngongole ya kubanki yogulira nyumba, kapena ndizitumiza ndalama kumudzi nyumba izikwera pang'onopang'ono? Ine muyeso wanga ndi umodzi. Mutagulitsa nyumbayo lero n'kubweza ngongole yonse, zotsala m'manja mwanu ndi zingati? Gawo lanu lenileni ndi limenelo.

Bond imapweteka poyamba. Tiyerekeze mwakongola R600,000 kwa zaka 20, pa chiwongoladzanja cha 11.75%, pamene prime, mlingo umene mabanki amayambirapo powerengera chiwongoladzanja, inafika mu May 2023. Mwezi uliwonse mukulipira pafupifupi R6,500, koma mwezi woyamba R5,875 ikupita ku chiwongoladzanja, ndipo yodula ngongole ndi R600 ndi kanthu basi. Zaka 5 zikatha mwapereka R390,000, ngongole yatsika ndi R50,000 yokha. Mlongo wanga atawona sitetimenti yake anayimbira kubanki, poganiza kuti awerengetsa molakwika. Sanalakwitse. Pamwamba pake pali levy ya mwezi ndi mwezi ya body corporate (bungwe la eni ma flat loyendetsa nyumba yonse) ndi ma rates, msonkho wa mzinda, zimene siziwonjezera kanthu pa gawo lanu.

Koma bond ili ndi khomo limene ambiri sitiligwiritsa ntchito. Mukamawonjezera R500 yokha mwezi uliwonse, ngongole yomweyo imatha zaka 16 zisanakwane. Ndalama ya chipereganyu ikakupezani, iponyeni momwemo, chifukwa yonse imadula ngongole mwachindunji. Dzina lanu lili ku Deeds Office, ofesi ya boma yolembetsa eni malo ndi nyumba, palibe malume angabwere kudzati malowa ndi a makolo. Chenjerani ndi dera lokha: ma flat ambiri a ku Hillbrow ndi Berea anagwa mtengo eni ake atasiya kulipira levy, zikepe zinafa, madzi anadulidwa. Pitani mukawone nyumbayo madzulo, mufunsenso mabuku a body corporate musanasayine. Ndipo banki imayang'ana mapepala. Wosakhala m'dziko muno nthawi zambiri amakongozedwa theka la mtengo, ndipo thandizo la boma la First Home Finance ndi la nzika ndi okhala ndi permanent residence.

Kumudzi nkhani ndi ina. Palibe chiwongoladzanja, njerwa iliyonse ndi yanu tsiku lomwelo. Mwezi ukavuta mumayima, palibe wokulandani. Kwacha itagwa ndi 44% mu November 2023, rand inayamba kugula makwacha ambiri, ngakhale simenti ndi malata nazo sizinachedwe kukwera. Vuto ndi maso. Ine ndinatumiza ya malata kawiri, zithunzi zikubwera pa WhatsApp zokongola ndithu. Nditafika mu December ndinapeza khoma lili pa lintala, mvula yalinyambita, udzu wamera pabalaza. Zithunzizo zinali za nyumba ya oyandikana nawo. Chinandiwawa kwambiri si ndalama, koma kuti anachita zimenezi ndi munthu wapamtima.

Chinanso, nyumba yomangidwa pa malo ongopatsidwa ndi amfumu pakamwa ndi yovuta kugulitsa, ndipo banki siyilandira ngati chikole. Poloti ya ku Lilongwe, Mzuzu kapena Mangochi boma yokhala ndi lease m'dzina lanu ndi imene imasunga mtengo, mungathenso kuyikamo wa lendi.

Ndiye ndikanakhala ndi permanent residence, ntchito ya payslip, ana ali pasukulu konkuno, ndikanatenga bond yaing'ono n'kumawonjezera kangachepe mwezi ndi mwezi. Koma permit yanga ndi yongowonjezera, sindingamange ngongole ya zaka 20 pa pepala limene limatha. Ndasankha poloti ya mapepala. Simenti ndimalipira ndekha ku hardware, mmisiri amalandira akamaliza gawo, ndipo amene amakayendera ndi mayi anga aang'ono, atanyamula foni pa video call.