Zoo, malo opulumutsira nyama kapena nkhalango: nyama zimapindula kuti?

Anthu akamatsutsana ngati malo oonetsera nyama, amene ambiri timangowatchula kuti zoo, amathandiza kapena amazunza nyama zakutchire, kawirikawiri amasakaniza zinthu zitatu zosiyana. Pali zoo yeniyeni, imene imasunga nyama kuti anthu azilipira n'kumadzaziona, pali malo opulumutsira nyama zovulala kapena zolandidwa kwa anthu, ndiponso pali nkhalango zotetezedwa monga Liwonde ndi Majete. Malo onsewa ali ndi mpanda, koma amasiyana pa funso limodzi limene ine ndimaliona kukhala lalikulu: kodi nyama imene yalowamo, kapena ana ake, adzabwereranso kutchire?

Zoo zili ndi ntchito zina zimene sitingazikane. Nyama yonga mphalapala ya ku Arabia yotchedwa oryx inatheratu kutchire mu 1972 chifukwa cha alenje, koma zochepa zimene zinali m'makola, makamaka ku Phoenix ku America, zinaswana mpaka zina zinakamasulidwanso ku Oman mu 1982. Miimba ikuluikulu ya ku California yotchedwa condor inatsala 27 yokha mu 1987, ndipo yonse inagwidwa n'kukaswetsedwa ku zoo za San Diego ndi Los Angeles, kenako kuyambira mu 1992 inayamba kuulukanso kutchire. Mu 2019 zipembere zisanu zobadwira m'mazoo a ku Ulaya zinapita ku nkhalango ya Akagera ku Rwanda. Pamene mtundu wa nyama watsala pang'ono kutheratu, khola likhoza kukhala ngati nkhokwe yosungira mbewu m'chaka cha njala, ndipo amene amagwira ntchito yoteroyo ndi oyenera kuwayamikira.

Komabe nkhani zoterezi ndi zowerengeka, pamene nyama zambiri za m'mazoo zimabadwira momwemo n'kufera momwemo. Amene anaimapo pafupi ndi khola la mkango kapena la fisi anaona kanjira kopereseka m'mphepete mwa waya, mmene nyamayo imayenda n'kubwerera, kuyenda n'kubwerera, osayang'ana ngakhale anthu amene akuikuwiza. Njovu nayo imaima malo amodzi n'kumagwedeza mutu uku ndi uku kwa nthawi yaitali. Ana asukulu amayesa kuti ikuvina, koma akatswiri amadziwa kuti chimenechi ndi chizindikiro cha kuvutika maganizo, ndipo sichioneka pa nyama zokhala mwaufulu. Njovu kutchire imayenda mitunda yaitali tsiku lililonse pamodzi ndi amayi ake, azakhali ake ndi abale ena, pamene ya m'khola imaima pa simenti mpaka mapazi ndi mfundo za miyendo zimayamba kudwala. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2008 anapeza kuti theka la njovu zazikazi za mu Africa zobadwira m'mazoo a ku Ulaya zimakhala zitafa pofika zaka pafupifupi 17, pamene kwa za ku nkhalango ya Amboseli ku Kenya zofa imfa yachilengedwe chiwerengerocho chinali zaka 56. Anthu a zoo amanena kuti kasamalidwe kasintha kuchokera nthawi imeneyo, ndipo n'zoona kuti ena akuza makola, koma zoo ya ku Detroit inavomereza yokha mu 2004 kuti singathe kusamalira njovu moyenera ndipo mu 2005 inazipereka ku malo ena otakasuka.

Palinso vuto la nyama zimene zoo yaona kuti zachuluka. Mu 2014 zoo ya ku Copenhagen inapha nyamalikiti wamng'ono wathanzi wotchedwa Marius, ponena kuti magazi a banja lake anali atachuluka kale pakati pa nyama zoswetsedwa, ndipo nyama yake inadyetsedwa mikango. Choipa koposa ndi kugwira nyama kutchire kuti zikadzaze makola, monga momwe ana a njovu a ku Hwange ku Zimbabwe ankalandidwira kwa amayi awo n'kugulitsidwa ku China, mpaka msonkhano wa mu 2019 wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire, unakhwimitsa malamulo pa malonda oterewa.

Malo opulumutsira nyama amayamba ndi cholinga china. Ku Lilongwe Wildlife Centre kumabwera anyani ndi apusi amene anthu ankawaweta atawamanga chingwe m'chiuno, ngaka zolandidwa kwa ozembetsa, ndi agwape amasiye. Pusi wotere amayamba wasungidwa payekha kuti aone ngati alibe matenda, kenako amamuphatikiza pang'onopang'ono ndi anzake mpaka apange gulu, ndipo gululo likakhwima amakalimasula ku nkhalango ngati ya Kasungu. Zina sizingabwererenso, monga mmene zinalili ndi mkango wa diso limodzi wotchedwa Bella umene unachokera ku zoo ina ya ku Romania mu 2009, ndipo zoterezi zimangopatsidwa malo abwino oti zikalambirepo. Malo oterewa amathandiza nyama imodziimodzi, koma sangapulumutse mtundu wonse, chifukwa amachiza zotsatira za misampha ndi malonda popanda kuthetsa gwero lake.

Nkhalango yotetezedwa bwino ndiyo imachita zimene ziwiri zinazo sizingathe. Majete inali itatheratu nyama zikuluzikulu pamene bungwe la African Parks linayamba kuiyendetsa mogwirizana ndi boma mu 2003, koma zipembere zinabwerera chaka chomwecho, njovu mu 2006 ndi mikango mu 2012. Nyama zimenezi zinachokera ku nkhalango zina, osati m'makola, ndipo zinaswana kotero kuti mu 2016 ndi 2017 Majete ndi Liwonde zinapereka njovu pafupifupi 500 ku Nkhotakota. Palibe zoo imene inachitapo zotere ndi njovu. Koma mtengo wake amaulipira ndi anthu okhala m'mphepete mwa nkhalango. Njovu 263 zitasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kupita ku Kasungu mu 2022, anthu a m'midzi yozungulira, kuno ku Malawi ndi kutsidya ku Zambia, anaonongeredwa minda ndipo ena anataya miyoyo. Amene amatamanda nkhalango ali m'tauni asaiwale mlimi amene amachezera usiku kuimba zitini kuti chimanga chake chisadyedwe.

Ndikayerekeza zonsezi, ndimaona kuti zoo ndi yoyenera pa mitundu yochepa imene yatsala pang'ono kutha ndiponso pamene pali dongosolo lenileni loibwezera kutchire, koma si malo a njovu, mikango kapena nyama zina zoyenda mitunda yaitali. Mfundo yakuti ana amaphunzirako imamveka kwa mwana wa ku London, koma wa ku Balaka kapena ku Chikwawa ali pafupi ndi njovu zenizeni, ndipo chimene chimamulepheretsa ndi ndalama ya galimoto ndi yolowera pachipata. Ndalama zimene zingamange makola atsopano zikanagwira ntchito yaikulu zikanapita ku mpanda wamagetsi wolimba, kwa alonda ochotsa misampha ya waya, ku chipukutamisozi cha alimi oonongeredwa mbewu, ndi ku mabasi otengera ana asukulu ku Liwonde ndi ku Majete.