Miyezi khumi ndi kamakina ka FTIR ku Mangochi

Kamakina aka ka FTIR, koyezera zomwe zili m'chinthu ndi kuwala kwa infrared, ndinakagula kakaunjika, ka ATR ya dayamondi (chitsanzo umangochipanikiza pa kadayamondi), ndipo nditangokalandira mu Meyi chaka chatha ndinkakatamanda ngati mkwatibwi. Tsopano dzinja lapita, ndingathe kunena zoona zake.

Ntchito yanga ndi yopanga timasensa totchipa toyezera amoniya m'maiwe a chambo. Ndimameretsa kakhungu kopyapyala ka polyaniline (mtundu wa pulasitiki wodutsa magetsi) pa kachitsulo m'madzi a asidi, ndikukapatsa mphamvu ya magetsi yosiyanasiyana ndi potentiostat, chipangizo cholamulira mphamvuyo. Maso okha amaona kusinthako: kachikasu kotuwa, kenako kobiriwira, kenako kabuluu wodera. Kakakumana ndi amoniya, kobiriwira kaja kamasanduka kabuluu. Koma maso sanena zomwe zachitika m'kati, ndiye mpake infrared.

Apa kamakinaka sikanandikhumudwitse. Pa mzere womwe kamajambula, nsonga ya pa 1490 ndi ya pa 1580 cm⁻¹ (muyeso wa mafunde a kuwalako) zimaoneka bwinobwino, yoyamba ya mphete za benzenoid, yachiwiri ya quinoid, mitundu iwiri ya mphete zomwe zimapanga polyaniline. Ukakweza mphamvu, ya 1580 imakula pamene inzake ikuchepa. Yomwe ndimaikonda ine ndi yotambalala ija ya cha pa 1140. Kakhungu kakakhala kobiriwira, kodutsa magetsi bwino, imaima mwamphamvu. Ndikakaviika m'madzi a amoniya imafwifwa. Tsiku loyamba kuziona ndinaitana mlonda kuti adzaone, bambo aja anangogwedeza mutu n'kubwerera pa geti.

Vuto linayamba mvula itagwa. M'nyengo ya mwera mpweya unali wouma, zonse zinkayenda. Pofika Januwale chinyezi cha kunyanja kuno chinalowa paliponse. Timinga ta nthunzi tinadzaza pa mzerewo pakati pa 1300 ndi 1900, penipeni pomwe pali nsonga zanga. Silika jelo woyamwa chinyezi, yemwe poyamba ankatha mwezi anayamba kusanduka wapinki sabata isanathe, moti ndinkachita kukamuumitsa mu uvuni ya kunyumba mayi a ana atamaliza kuphika zigumu. Mwayi wanga ndi woti magalasi a kamakinaka ndi a ZnSe, omwe samwa madzi. Akanakhala a KBr, omwe amamwa madzi n'kuchita khungu, bwenzi pano ndikulira. Mukagula ka kuno kunyanja, funsani zimenezo musanafunse mtengo.

Chinandichititsa manyazi ndi ichi. Polyaniline ukamupyoletsa muyeso wa mphamvu amaonongeka, n'kutulutsa mankhwala otchedwa benzoquinone, omwe nsonga yake ili cha pa 1650. Ndinaiona nsongayo pa zitsanzo zisanu, ndinasangalala, ndinayamba kale kulemba lipoti. Kenako ndinasiya chitsanzo chimodzi m'botolo la silika usiku wonse. M'mawa nsonga ija kulibe. Anali madzi chabe, paja nawo amakhala pa 1640. Masabata atatu anapita choncho.

China chomwe kamakinaka sikangathe: kuyeza kakhungu kali m'madzi a asidi, magetsi akuyenda. Ine ndimachita kukavuula, kukatsuka, kukaumitsa, ndiye n'kukapanikiza pa dayamondi. Kobiriwira kamapirira. Kachikasu kaja ayi, mpweya umakasintha ndisanafike n'komwe pa tebulo, choncho zotsatira zake sindizikhulupirira ndipo m'lipoti sindinaziikemo.

Magetsi akathima n'kuyakanso, kamafuna kanthawi kuti katenthe kakhazikike, apo ayi mzere umangoyendayenda. Ndinakagulira batire ndi invetala mu Febuluwale, ndipo chiyambire sindikazimitsanso usiku. Background, muyeso wotenga pa dayamondi palibe kanthu, ndimatenga pa chitsanzo chilichonse, ndipo wolowa m'chipindamo ndimamuuza kuti asapumire pafupi, chifukwa mpweya wa carbon dioxide womwe amapuma umatulukira pa 2350.