CLIMADA: Yabwino Powerengera Chiwonongeko cha Namondwe, Koma Samalani ndi Madzi

CLIMADA ndi pulogalamu yaulere ya ku yunivesite ya ETH Zurich ku Switzerland, yolembedwa mu Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta. Imafuna zinthu zitatu: mphamvu ya namondwe, mtengo wa katundu amene ali m'mphepete mwa nyanja, ndi mlingo wosonyeza gawo la nyumba lomwe limawonongeka madzi akafika mita imodzi kapena awiri. Njira zimene anamondwe akale anadutsa imazitenga ku IBTrACS, nkhokwe ya mbiri ya anamondwe a padziko lonse, ndipo mbali ya mphepo imagwira bwino ndithu.

Pofika pa madzi m'pamene pali vuto. TCSurgeBathtub, gawo la CLIMADA lowerengera madzi a m'nyanja osefukira kumtunda, imadzaza malo otsika ngati mukuthira madzi m'beseni, osalabadira makoma otchinga nyanja kapena mitengo yochepetsa liwiro la madzi, choncho chiwonongeko chimakula mopitirira. Mukagwiritsa ntchito mapu a SRTM, osonyeza kukwera kwa malo, zimatembenuka: amayeza madenga ndi nsonga za mitengo ngati nthaka, malo n'kuoneka okwera, madzi n'kuchepa.

LitPop, gawo la CLIMADA loyerekeza mtengo wa katundu, imagawa chuma potsata magetsi owala usiku ndi kuchuluka kwa anthu, motero midzi ya asodzi yopanda magetsi imaoneka ngati ili ndi chuma chochepa kwambiri. Onjezani nokha kukwera kwa nyanja kwa 2050 ndi 2100, ndipo musakhulupirire nambala imodzi. Yesani milingo ingapo ya chiwonongeko, muone kusiyana kwake.