WhatsApp Business ndi nthawi yoweruka ya mayi wogwirira ntchito yake pakhomo

Mayi amene amasoka zovala kapena kuphika makeke aukwati pakhomo pake sawerengedwa kuti ali pantchito. Achibale amamutuma kukadwazika matenda kuchipatala poti "amangokhala pakhomo", ndipo makasitomala amamutumizira mauthenga ngakhale usiku ana atagona kale. Ine ndine telala wosokera m'nyumba mwanga ku Chilomoni, ndipo pulogalamu ya WhatsApp Business, yomwe inatuluka mu 2018 ndipo ndi yaulere, ndimaiyamikira kwambiri pa nkhani imeneyi kuposa pa nkhani ya malonda.

Pulogalamuyi imafuna nambala yakeyake, yosiyana ndi ya WhatsApp wamba, ngakhale zonse ziwiri zimatha kukhala pa foni imodzi. Poyamba zimenezi zimaoneka ngati chintchito, koma phindu lake ndi lakuti mauthenga a gulu la mpingo ndi a kubanja sasakanikirana ndi miyezo ya madiresi. Pa nambala ya bizinesiyo mumalemba dzina la ntchito yanu ndi maola amene mumatsegula, kotero kuti mayi yemwe anthu amangomudziwa ndi dzina la mwana wake amaonekanso ngati mmisiri wodziwa ntchito yake.

Chomwe ndimachikonda kuposa zonse ndi uthenga wodziyankha wokha umene mungautchere kuti uzipita kwa aliyense wolemba nthawi yantchito itadutsa. Kasitomala amauzidwa mwaulemu kuti adzayankhidwa mawa, ndipo mayi amatha kupakula nsima kapena kuthandiza mwana ntchito ya kusukulu popanda kudziimba mlandu kuti wanyalanyaza munthu. Palinso malo oikapo zithunzi za katundu ndi mitengo yake, komanso zizindikiro zosonyeza amene walipira ndi amene ali ndi ngongole.

Kuno kwathu ndalama sizilipiridwa mkati mwa pulogalamuyi, choncho kasitomala amatumizabe kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndipo zithunzi zambiri zimadya bandulo. Uthenga wodziyankha uja suletsanso munthu kugogoda pakhomo Lamlungu masana atanyamula chitenje chake, chifukwa akudziwa kuti telala amagona momwemo. Pamenepo mwiniwake ayenera kulimba mtima n'kunena kuti lero sitikusoka. Kwa mayi amene akuyamba bizinesi pakhomo, ndingalangize kuti agule simu yachiwiri ndi kulemba maola ake tsiku loyamba lomwe, makasitomala asanazolowere kumupeza nthawi iliyonse.