Zamkuwa za ku Benin: zikhale ku London kapena zibwerere kwawo?

Mu 1897 asilikali a Britain analanda mzinda wa Benin, umene lero uli m'dziko la Nigeria, natenga zaluso zamkuwa ndi za minyanga ya njovu zambirimbiri ku nyumba yachifumu ya Oba (mfumu) Ovonramwen.

British Museum, nyumba yosungira zinthu zakale ya ku London, ikusungabe zinthu pafupifupi 900, ndipo imati alendo a mitundu yonse amazionera kumeneko, pafupi ndi zaluso za ku Egypt ndi ku Greece, komanso kuti lamulo la mu 1963 limailetsa kuzipereka. Mfundoyi ikumveka, komatu amisiri a mumsewu wa Igun mumzinda wa Benin, amene akusungunulabe mkuwa monga ankachitira makolo awo, ayenera kupeza viza ndi ndalama za ndege kuti akaone ntchito za agogo awo.

Dziko la Germany linasankha njira ina mu 2022, pamene linapereka umwini wa zinthu zoposa 1,000 kwa Nigeria. Chaka chotsatira Pulezidenti wa Nigeria Muhammadu Buhari analengeza kuti mwini wake ndi Oba Ewuare II, mfumu ya Benin, zomwe zinadetsa nkhawa ena kuti zaluso zidzabisika kunyumba yachifumu. Nkhawayi ineyo sindiiona yolemera, pakuti mitu yamkuwa imene ili pakati pa zalusozi inapangidwira maguwa okumbukira mafumu akale, osati makabati agalasi.