Miyezi 10 chikonzereni kashopu kanga ka vintage: mapaipi ali bho, koma mashelefu andidyera ndalama

Dzulo mnzanga wina yemwe akufuna kutsegula geni ya zovala ku Luwinga kuno ku Mzuzu anandiimbira kuti amwali ndipatseko nambala ya akalipentala aja anakukonzera mashelefu, ndinaona pa status pako pakuoneka bwino. Ndinakhala kaye chete mpaka anafunsa ngati netiweki yadula. Sinadule, kungoti m'manja mwanga munali kalisiti ka K48,000 komwe ndinali nditangolipira mmisiri wina kuti akonze mashelefu omwewo. Ndiye ndati ndilembe zonse bwinobwino, chifukwa mu August 2024 ndinawachemerera kwambiri anthu amenewa ndipo ena munanditsatira.

Kwa omwe simukundidziwa, ndimagulitsa zovala za vintage, kaunjika yemweyu koma wosankha, majekete a chikopa, majinzi akale ngati ma Levi's 501 a mabatani aja, majuzi a ubweya, madilesi omwe amayi athu ankatchena nawo. Zina ndimasankha akamatsegula mabelo ku Zigwagwa, zina ndimagula belo lonse ndikaona kuti thumba lalola. Kachipinda kanga kali ku Katoto, mamita 3 kwa 4, kanali sitolo ya alandilodi, kopanda siling'i, windo limodzi loyang'ana kumpoto. Momwemo ndimachapa timadontho, kusita, kujambula zithunzi za pa WhatsApp ndi Facebook, komanso makasitomala amayesera momwemo kuseri kwa katani.

Zomwe zagwira ntchito ndingozitchula mwachangu. Penti yoyera ya kukhoma lojambulira ikadali bwino, zithunzi zimatuluka zowala ngakhale foni yanga ndiyotopa. Galasi lalitali lomwe ndinagula ku Taifa silinachite mawanga. Katani ndinasoka ndekha ndi zitenje ziwiri, palibe nkhani. Mkeka wa pansi ndasintha kamodzi, umenewo ndi matope a Mzuzu, si vuto la munthu. Kababu ka sola kamandipulumutsa magetsi akathima. Madengu osungira masikafu ndi malamba nawonso ali bwino, ndipo makasitomala amafuna kugula dengu m'malo mwa sikafu kkkk.

Chomwe chinandidabwitsa ndi mapaipi opachikapo zovala. Ine ndinkafuna tizitsulo topyapyala topenta golide tomwe timaoneka m'mabutiki, koma mnyamata wowotcherera anakana, anati asisi kuno ndi ku Mzuzu, tizitsulo timeneto chinyontho chikangotipeza penti imasupuka, dzimbiri n'kuyamba kudetsa mapewa a zovala. Anandiuza tigule mapaipi a madzi a galavanaizi. Ndinanyinyirika chifukwa anali okwererapo komanso amaoneka ngati ndikutsegula geni ya mapulamba. Lero ndikunena pano paipi imodzi yanyamula majekete a chikopa ndi makhoti oposa 30, sinapindike olo pang'ono, dzimbiri kulibe kupatula kadontho pamalo owotcherera pomwe ndinangopakapo penti. Anaika mizere iwiri, wam'mwamba wa malaya ndi wam'munsi wa masiketi, mbali inayo anasiya mzere umodzi wa madilesi ataliatali kuti asamakwekwere pansi. Zonse K135,000. Munthu ameneyu ndikamuona m'tauni ndimamugulira fanta. Chomwe chinachita dzimbiri ndi mahang'ala a waya omwe ndinagula ndekha motchipa, anadetsa bulauzi yoyera imodzi, ndinawataya onse n'kugula a pulasitiki okhuthala.

Tsopano mashelefu. Apa ndiye khalani pansi.

Tinagwirizana K310,000, mashelefu asanu a khoma lonse, tebulo lositira ndi kakauntala. Bambo aja anandiuza kuti matabwa ndi a paini wa ku Chikangawa, ouma bwino. Kuti ndi paini sananame, ndipo paini si mtengo woipa, theka la mipando ya mu Mzuzu muno ndi yomweyo. Bodza linali pa mawu oti ouma. Tsiku lomwe ankakhoma ndinagwira thabwa limodzi, linali lozizira komanso lolemera, kafungo ka utomoni kali phuu chipinda chonse, ine n'kumati eee kafungo ka zatsopano. Nditafunsa anangoti mama musadandaule vanishi akalowa zonse zikhala mushe. Pano ndi pomwe ndadziwa kuti vanishi pa thabwa laliwisi amangotsekera madzi m'kati, ndipo thabwa louma limakhala lopepuka, ukaligogoda limalira mosiyana.

Mwezi woyamba zinali zokongola zedi, ndi nthawi yomwe ndinalemba zowayamikira ija. Kutentha kwa October kutafika, malata opanda siling'i aja akuwotcha, mfundo za matabwa zinayamba kulira misozi. Utomoni weniweni, wamatamata, ukutuluka pa mfundo iliyonse kudutsa vanishi. Ndinazindikira tsiku lomwe ndinanyamula mulu wa majuzi, yapansi n'kukanirira pa shelefu. Inali juzi ya ubweya weniweni ya kirimu, yomwe kasitomala wa ku Mzuni anali atapereka kale dipoziti pa Airtel Money. Ndinayesa sopo, zinakanika. Ndinayesa sipiriti wa papo uja, utomoni unachoka koma anasiya kamthunzi pa kirimupo. Pa jinzi sipiriti amachotsa bwinobwino, koma pa ubweya woyera ayi ndithu. Ndalama ndinabweza, juzi ndikuvala ndekha, moti pano ndikulemba nditaivala.

Ndinawaimbira. Anabwera patatha sabata ziwiri, anapala mfundozo ndi sandipepa, kupakanso vanishi, n'kunena kuti paini amatero, zisiya zokha. Chilungamo chake sanandilipiritse. Ndinayala mapepala a khaki pa shelefu iliyonse n'kumapitiriza geni, mtima unatsika, ndinafika poti mwina ndine wovuta.

Pofika December matabwa anayamba kuuma tsopano, ali pakhoma. Thabwa likamauma limanyala m'lifupi komanso limapindika ngati bwato, ndiye pomwe analumikiza matabwa awiri panatseguka mpata wolowa chala, shelefu yachitatu inagwa mimba pakati chifukwa anaika mabulaketi awiri okha kumapeto pa thabwa la pafupifupi mamita awiri, majinzi ndi olemera inu. Misomali inayamba kusolola mitu, umodzi unakoka ulusi wa siketi. Kabati ya kakauntala inasiya kutsekeka, mpaka lero ndimaikankha ndi bondo.

Koma chomwe chinandiliza ndi cha March ndi April. Amene mumakhala kuno mukudziwa, anzathu ku Lilongwe mvula ikamatha ife imakhala ngati ikuyamba kumene, kamvula kowaza tsiku lonse, nkhungu m'mawa, chovala ukayanika masiku atatu osauma. Mashelefu aja anawakhoma kugunda khoma, kumbuyo n'kutseka ndi pulayi, mpweya osadutsa, ndipo khomalo ndi lomwe limamenyedwa ndi mvula kunja. Ndinapita kumudzi ku Ntcheu ku maliro sabata imodzi, shopu yotseka. Pobwera nditangotsegula chitseko fungo linandilandira ngati ndalowa m'nkhokwe yonyowa. Zikwama zachikopa zinayi, nsapato mapeya atatu ndi jekete ya suwedi (chikopa chofewa chosanyezimira chija) yomwe ndinaipinda pa shelefu yapansi, zonse zitachita chuku, choyera ndi chobiriwira. Zomwe zinali pa mapaipi, poti mphepo imadutsa, zinangonunkha pang'ono basi. Nditakoka pulayi uja kumbuyo kwake kunali bii.

Apa ndisanamize, si zonse za akalipentala. Khoma lonyowa ndi la alandilodi, malata opanda siling'i amachita thukuta usiku n'kumadontha, ndipo ine ndemwe ndinapinda suwedi n'kuisiya pansi nyengo ya mvula ngati sindikudziwa komwe ndimakhala. Koma munthu yemwe wakhala akukhoma matabwa mu Mzuzu zaka zonsezi amayenera kudziwa kuti shelefu siigunda khoma lakunja. Wowotcherera uja anadziwa bwanji za chinyontho iwo osadziwa?

Zikwama ndinazipulumutsa, kupukuta ndi viniga wosakaniza ndi madzi, kuziumitsa pamthunzi podutsa mphepo, kenako polishi. Nsapato peya imodzi inatheratu. Suwedi ija ndinaipesa ndi kabulashi koma mawanga anakana, ndinaigula K40,000 ndikuyembekeza K75,000, ndinaigulitsa K20,000 kwa mnyamata wa kabaza yemwe anati bola ikutentha. Ndikawerengera juzi, bulauzi ayi imeneyo ndinalakwitsa ndekha, nsapato, jekete ndi siketi, ndataya pafupifupi K130,000. Ndipo mukudziwa mmene kaunjika wakwerera. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 mabelo sanatsikenso, mpaka mu February 2025 mavenda a kaunjika ku Lilongwe anaguba kupita ku Nyumba ya Malamulo chifukwa cha mitengo yomweyi. Chovala chilichonse chabwino chomwe wachipeza pano umachigwira ngati dzira, ndiye chiwonongeke chifukwa cha thabwa, mxii.

Nkhani ya ndalama ndi bambo aja ili chonchi. Pa K310,000 paja ndinapereka K250,000, yotsala K60,000 tinagwirizana kuti ndipereka akabweretsa zitseko ziwiri za shelefu yapansi. Zitsekozo mpaka lero sizinabwere. Poyamba ankati matabwa akusowa, kenako mwana wadwala, kenako foni osayankha. Nditawatumizira zithunzi za chuku anawerenga, tizizindikiro tabuluu tili apo, chete. Patatha masiku anayi n'kulemba kuti mama monile, ka balansi kaja bwanji. Ndinaseka ndekha ngati wamisala. Ndinapita komwe amagwirira ntchito, mwaulemu ndithu poti ndi munthu wamkulu, msinkhu wa bambo anga. Ndinati bambo, inu ndi ine tisayambane, bwerani muchotse pulayi, musunthe mashelefu, muwonjezere mabulaketi, ndalama yanu ndikupatsani tsiku lomwelo. Anavomera, yewo yewo mama, Lachiwiri ndabwera. Malachiwiri adutsa asanu ndi limodzi.

Chomwe chimandipweteka n'choti luso ali nalo. Tebulo lositira lomwe anapanga ndi matabwa akale omwe anali nawo kale mu shedi ndi lolimba, losagwedera, lowongoka ngati galasi. Ndiye kuti thabwa louma amalidziwa bwinobwino, kungoti oda yanga anathamangira kukagula aawisi otchipa kuti chotsala chikhale chawo. Masiku ena ndikayang'ana tebulo lija mtima umakhala pansi, ndikayang'ana kabati yokankha ndi bondo ija umakweranso.

Mmisiri wachiwiri, wachinyamata wa ku Chibavi, ndi yemwe wadya K48,000 ija. Wachotsa pulayi yense, wasuntha mashelefu kusiya mpata wa zala zinayi kuchoka kukhoma, waika bulaketi pakati pa shelefu iliyonse, misomali wasintha ndi masikuluwu, shelefu yapansi waikweza kufika m'bondo. Matabwa omwewo anati tisataye, pano auma okha, kupindika komwe anapindika ndi komweko sapitiriranso. Anandionetsanso mmene amaumitsira ake, kuwasanja pamthunzi ndi timitengo pakati kuti mphepo idutse, miyezi ingapo asanawagwiritse ntchito. Ine ndasinthanso kasungidwe, chachikopa chilichonse chili pa paipi kapena pa mbedza, m'mashelefu ndi majinzi ndi matisheti okha, windo ndimatsegula tsiku lililonse olo kuzizire bwanji, ndipo m'makona ndaika timabeseni ta makala kuti tizikoka fungo. June uno majuzi ndi makhoti akuyenda kwambiri, kazizidwe ka kuno ndiye kasitomala wanga wamkulu, moti mwina ndibweza zomwe ndinataya July asanathe.

Mnzanga uja ndamupatsa nambala ya wowotcherera ndi ya mnyamata wa ku Chibavi. Anakakamira kuti nanga ya bambo aja, poti amatchipa. Ndamupatsa, koma ndamuuza kuti akagule yekha matabwa, awanyamule m'manja amve kulemera kwake, awasunge kwawo mpaka aume, bambowo angowalipira ntchito ya manja, ndipo theka la ndalama agwire mpaka chomaliza chitakhomedwa. K60,000 ija ndachotsapo K48,000 ya okonza, yatsala K12,000, ndawalembera meseji kuti ili pano abwere adzatenge ndi zitseko zanga. Awerenga m'mawa uno, sanayankhe.