Ku Bergen: kutsatira gulu kapena kudziyendera?

Achemwali anga a ku Area 25 anandifunsa chochita sitima yawo yapamadzi ikakakocheza ku Bergen, m'dziko la Norway.

Gulu lokonzedwa ndi eni sitima lili ndi ubwino wake: basi ikachedwa, sitima imadikira. Koma mtengo wake ndi woboola m'thumba, ndipo amakuthamangitsani ngati mbuzi zopita kumsika.

Ine ndinati adziyendere. Kuchoka padoko kukafika ku Bryggen, nyumba zakale zamatabwa zomwe bungwe la UNESCO linazilemba m'kaundula wake wa malo ofunika kutetezedwa padziko lonse mu 1979, ndi ulendo wapansi. Chapafupi pali msika wa nsomba, komanso Fløibanen, kasitima kokwera phiri la Fløyen kukafika pamalo okwera mamita 320. Ambulera asaiwale, mvula yakumeneko siyang'ana nyengo. Wotchi aziyang'ana pafupipafupi, poti wochedwa payekha sitima imamusiya padoko.